Dizilo Wochokera ku Mafuta a Mbeu

Injini ya dizilo ndiyo imagaya chimanga m'zigayo za kumidzi kumene magetsi sadafike. Ndiyonso imayendetsa thirakitala, kupopa madzi othirira mbeu, ndi kukoka malole amene amabwera ndi feteleza kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Dizilo akasoŵa, monga mmene zidaliri m'Malaŵi m'zaka za 2011 ndi 2012, amai amabwerera ku mtondo ndipo katundu amagona panjira. Pa nthaŵi zotero pamamveka mbiri yakuti mafuta a mtedza, a mpendadzuŵa, ngakhale otsala pokazinga mandasi angathe kusandutsidwa dizilo. Mbiri imeneyi ndi yoona. Koma ntchito yake ili ndi malamulo, ndipo munthu woiyamba asanawadziŵe amatha kupha injini, kuchita khungu, kapena kutaya munda wa chakudya popanda phindu lililonse.

Injiniyi idatenga dzina la Rudolf Diesel, katswiri wa ku Germany, amene injini yake yoyamba yogwira bwino ntchito idayesedwa mumzinda wa Augsburg mu 1897. Pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1900 padaonetsedwa injini ya mtundu umenewu ikuyenda ndi mafuta a mtedza okhaokha. Boma la France ndilo lidapempha kuti zimenezi ziyesedwe, pakuti linkafuna kuti maiko a mu Africa amene linkawalamulira, kumene mtedza unkalimidwa wambiri, azipeza mafuta a injini m'minda mwao momwemo. Komabe mafuta a pansi pa nthaka adachuluka ndi kutsika mtengo, kotero kuti injini zopangidwa m'zaka zotsatira zidakonzedwa molingana ndi dizilo wa masiku onse.

Vuto la mafuta a mbeu ndi kunanda. Injini ya dizilo imafaira mafuta kudzera m'timaboo ting'onoting'ono timene amakaniko amatcha manozolo, ndipo mafutawo ayenera kutuluka ngati nkhungu kuti apse onse. Mafuta ophikira ndi onanda kuŵirikiza pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi dizilo. Salola kufaika bwino, amapsa mopereŵera, amasiya mwaye wolimba pa manozolo ndi pa mapisitoni, ndipo ena amatsikira m'mafuta ofeŵetsa injini ndi kuwasandutsa phala. Injini yothiridwa mafuta ophikira imalira ndithu tsiku loyamba, ndipo kuonongeka kwake kumadzaoneka patapita miyezi.

Chimene chimachititsa kunandako chidadziŵika kalekale. Kachidutswa kalikonse ka mafuta a mbeu, kosaoneka ndi maso, kali ngati ng'ombe zitatu zomangidwa pa goli limodzi. Goli limenelo ndi gilisalini, yemwe uja amai amadzola nyengo yachisanu, ndipo ng'ombe zitatuzo ndi tizingwe titatu tatitali ta mafuta timene timayaka bwino. Ng'ombe zitatu zili pagoli zimavutika kudutsa pa chipata chopapatiza, koma zikamasulidwa iliyonse imadutsa payokha mosavuta. Ntchito yonse yopanga dizilo wa mbeu, amene amatchedwa bayodizilo, ndi kumasula tizingwe titatuto pa gilisalini ndi kulumikiza kalikonse ku kachidutswa kopepuka ka mankhwala a mtundu wa moŵa, kaŵirikaŵiri otchedwa methanol.

Njira imeneyi idalembetsedwa m'boma la Belgium mu 1937 ndi katswiri wa pa sukulu yaukachenjede ya Brussels, dzina lake Chavanne. Iye adagwiritsa ntchito mafuta a mawese, pakuti dziko lake linkalamulira Congo kumene mitengo yake idali yochuluka, ndipo mu 1938 basi yonyamula anthu idayenda ndi mafuta ameneŵa pakati pa Brussels ndi Louvain. Nkhaniyi idazilala kufikira mitengo ya mafuta itakwera modzidzimutsa mu 1973 ndi mu 1979. Pamenepo akatswiri a ku South Africa adayamba kuyesa mafuta a mpendadzuŵa m'mathirakitala, ku Brazil Expedito Parente adakonza njira yakeyake, ndipo ku Austria adayesa mafuta a njere za mbeu ina ya pachibale ndi repu ndi mpiru. Mafakitale oyamba a bayodizilo adamangidwa ku Austria komweko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Mafuta ndi methanol akathiridwa m'chiŵiya chimodzi sagwirizana. Methanol amayandama pamwamba, mafuta amakhala pansi, ndipo angathe kukhala chomwecho masiku ambiri popanda kusintha. Pamafunika chinthu chachitatu chofulumizitsa ntchitoyo, chimene akatswiri amatcha katalisiti. Udindo wake uli ngati wa ankhoswe, amene amakumanitsa mbali ziŵiri ndi kumanga banja, iwo eni osaloŵa m'banjamo. Wophika thobwa amachidziŵa kale chinthu chotere, pakuti chimera pang'ono chimasungunula phala lolimba ndi kulitsekemeretsa mphika wonse. Popanga bayodizilo, katalisiti wodziŵika kwambiri ndi kositiki soda, yemweyo amene amapangira sopo, kapena mbale wake wotchedwa kositiki potashi. Mankhwala aŵiri ameneŵa ndi a fuko limodzi ndi chidulo cha phulusa chimene chimafeŵetsa thelere, koma ukali wao ndi woposa kutalitali.

Njira imeneyi idafufuzidwa bwino mu 1984, pamene akatswiri atatu a boma la America ku Peoria, a Freedman, a Pryde ndi a Mounts, adalongosola zimene adapeza. Pa lita imodzi ya mafuta atsopano ndi oyera pamaloŵa methanol wokwana pafupifupi mamililita 200, ndiko kuti gaŵo limodzi pa magaŵo asanu, ndi kositiki soda wokwana magalamu 3.5 kapena kuposerapo pang'ono. Methanol ameneyu ndi woposa muyezo umene mafutawo amamwa, ndipo amachulukitsidwa dala kuti ntchito ifike kumapeto osabwerera m'mbuyo. Soda amayamba wasungunulidwa mu methanol m'chiŵiya chotseka. Mafuta amatenthedwa kufika madigiri 55 mpaka 60, osapitirira, popeza methanol amaŵira pa madigiri 65 ndi kuthaŵa ngati nthunzi. Tsono zonse zimasakanizidwa ndi kutakasidwa mwamphamvu kwa ola limodzi kapena kuposerapo.

Kutakasa kukatha, chiŵiyacho chimasiyidwa kuti zam'kati zidikhe kwa maola angapo, kaŵirikaŵiri usiku wonse. M'maŵa mwake pamaoneka zigaŵo ziŵiri. Pansi pamakhala gilisalini wakuda ndi wolemera, amene watenga soda wambiri ndi methanol wotsala. Pamwamba pamakhala bayodizilo wachikasu, wopepuka ndi wothamanga pafupifupi ngati dizilo. Kunena mwachidule, makilogalamu 100 a mafuta amamwa makilogalamu 10 a methanol ndi kutulutsa makilogalamu 100 a bayodizilo ndi makilogalamu 10 a gilisalini. M'mafakitale methanol wotsalayo amachotsedwa ndi moto wa pang'onopang'ono, nthunzi yake ndi kuizizitsa kuti agwirenso ntchito ulendo wina.

Womvera amene adapangapo sopo waona kale kuti zipangizo ziŵiri mwa zitatuzi, mafuta ndi soda, ndi zomwezo za sopo. Chosiyanitsa ndi chachitatu. Wopanga sopo amathira madzi, wopanga dizilo amathira methanol, ndipo madzi akaloŵerera m'chiŵiya cha dizilo, soda amabwerera ku ntchito yake yakale yopanga sopo. Madzi ochepa kwambiri, ngakhale otsalira m'ndowa yosauma bwino kapena amene soda wayamwa mumpweya chitini chitasiyidwa chotsekula, ndi okwanira kuononga ntchito. Soda amathera m'sopo, mafuta amatsala osasinthika, ndipo sopoyo amamangirira gilisalini ku bayodizilo kotero kuti zigaŵo ziŵiri zija sizilekana. Chotuluka chimakhala phala lonanda losathandiza ku injini ngakhale kuchapira.

Mdani wachiŵiri ali m'mafuta momwemo. Mafuta okhalitsa, ofinyidwa ku njere zosungidwa ponyoŵa, kapena okazingira kambirimbiri, amakhala kuti tizingwe tina tamasuka kale patokha ndipo tasanduka asidi. Asidi ameneyu akakumana ndi soda amapanga sopo nthaŵi yomweyo. Akatswiri a ku Peoria aja adaona kuti njira ya soda imayenda bwino ngati asidiyo sakupitirira theka la gaŵo limodzi pa magaŵo 100 a mafuta. Nchifukwa chake wopanga wosamala amayamba wayeza mafuta ake: amatapa pang'ono, ndi kudonthezera madzi a soda a mphamvu yodziŵika kufikira mankhwala osonyeza atasintha mtundu, ndipo madontho amene aloŵawo amamuuza soda woonjezera. Soda akachepa ntchito imathera panjira, akachuluka sopo amachulukanso. Muyezo wa dzulo sugwira pa mafuta a lero, pakuti mgolo uliwonse uli ndi asidi wakewake.

Asidi akachuluka kwambiri, soda yekha sangathe. Pamenepo ntchito imagaŵidwa paŵiri. Poyamba mafuta amasakanizidwa ndi methanol ndi asidi wa salufa pang'ono, yemwe uja amapezeka wosungunulidwa m'mabatire a galimoto. Katalisiti ameneyu sapanga sopo, ndipo amasandutsa tizingwe tomasuka tija kukhala bayodizilo. Kuipa kwake nkwakuti ndi wochedwa zedi pomasula tizingwe timene tikadali pa gilisalini, ndiponso amadya zitsulo. Motero asidi wa m'mafuta akatsika, madzi amene apangika amachotsedwa ndipo soda amamaliza ntchito yotsalayo. Akatswiri akhala akuyesanso akatalisiti olimba osasungunuka, monga laimu wootchedwa kuchokera ku zikamba za mazira, ndi cholinga chakuti azitha kusefedwa ndi kugwiranso ntchito, koma mafakitale ambiri akudalirabe mankhwala a fuko la soda chifukwa ndi achangu ndi otsika mtengo.

Bayodizilo wongotsanulidwa kumene sanayenere kuloŵa m'thanki. Amakhala ndi sopo, soda, methanol ndi gilisalini zotsalira. Amatsukidwa ndi madzi ofunda owazidwa mofatsa pamwamba, madziwo ndi kutsikira pansi atatenga zonyansa. Madzi oyamba amatuluka oyera ngati mkaka, ndipo kutsuka kumabwerezedwa kufikira atatuluka ambee. Kenaka mafutawo amatenthedwa kuti chinyezi chonse chichoke, ndi kusefedwa. Kuona maso a nkhono nkudekha: wofulumira amene amalumpha kutsuka amatumiza sopo ku sefa ya injini ndi madzi ku pampu, kumene amadzetsa dzimbiri. Maiko a ku Ulaya adakhazikitsa muyezo wao wotchedwa EN 14214 mu 2003, umene umafuna kuti magaŵo 96.5 pa 100 akhale bayodizilo weniweni, ndi kuti madzi asapitirire theka la galamu pa kilogalamu. Zimenezi sizipimidwa ndi maso. Mafuta ooneka oŵala m'botolo angathe kukhala kuti sadasinthike onse, ndipo malo opimira mankhwala okha ndiwo angatsimikize.

Pa zoopsa za ntchitoyi, methanol ndiye woyamba. Maonekedwe ndi fungo lake zimafanana ndi kachasu, koma ndi poizoni. Mamililita 10 okha, amene ndi timasupuni tiŵiri ta tiyi, angathe kuchititsa munthu khungu kwa moyo wake wonse, ndipo mamililita 30 angathe kupha. Amaloŵanso m'thupi popuma nthunzi yake ndi pokhudza thupi. Amayaka msanga, ndipo laŵi lake silioneka bwino masana, kotero kuti munthu amapsa asanadziŵe kuti pali moto. Kositiki soda amanyeketsa mnofu ndi kuphulitsa maso, ndipo akasungunuka mu methanol amatentha ndi kulusa koposa. Amadyanso ziŵiya za aluminiyamu ndi za malata, ndi kutulutsa mpweya wophulika. Kotero ntchitoyi siyenera kuchitikira m'khitchini, pa mafuwa, kapena pafupi ndi ana. Imafuna ziŵiya zotseka zachitsulo chosachita dzimbiri kapena za pulasitiki wolimba, malo opita mphepo, magalasi otchinga maso, magolovesi ndi madzi ambiri pafupi. Gilisalini wakuda wotsala uja sayenera kudzoledwa, kupatsidwa ziŵeto, kapena kutayidwa mumtsinje.

Ena amafunsa ngati kachasu angaloŵe m'malo mwa methanol, popeza methanol amapangidwa kwambiri kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndipo amagulidwa kunja. Moŵa wa m'kachasu ndi ethanol, ndipo Chavanne uja adagwiritsadi ntchito ethanol. Dziko la Malaŵi lidayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsala za nzimbe ku Dwangwa mu 1982 ndi ku Chikwawa mu 2004, ndipo ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo. Koma kachasu wa kumudzi, ngakhale wa mutu, ali ndi madzi ochuluka, ndipo angatulutse sopo basi. Kutcheza kokha sikuchotsa madzi onse, pakuti pamatsalabe magaŵo 4 kapena 5 pa 100. Ethanol woumitsidwa m'fakitale amagwira ntchito, komabe gilisalini amavuta kulekana naye. Ngakhale ku Brazil, dziko la nzimbe zambiri, mafakitale ochuluka a bayodizilo amagwiritsa ntchito methanol.

Bayodizilo wopangidwa bwino ali ndi ubwino wake m'injini. Alibe salufa, amachepetsa utsi wakuda, amafeŵetsa pampu, ndipo sagwira moto msanga posunga. Mphamvu yake pa lita ndi yochepa ndi magaŵo 8 mpaka 10 pa 100 poyerekeza ndi dizilo. Amatsuka litsiro lakale la m'thanki ndi kulikankhira ku sefa, choncho sefa imafuna kusinthidwa msanga masabata oyamba, ndipo amafeŵetsa mapaipi a labala a m'injini zakale. Wochokera ku mawese amayamba kuundana kukazizira kufika madigiri 13 mpaka 15, kuzizira kumene kumapezeka usiku wa Juni ndi Julayi ku Dedza ndi ku Mzimba. Sakhalitsa posunga, ndipo ndi bwino kumgwiritsa ntchito miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Pa zifukwa zimenezi amagulitsidwa kwambiri atasakanizidwa. Ku Ulaya dizilo wa pa malo omwetsera mafuta amaloledwa kukhala ndi magaŵo 7 pa 100 a bayodizilo. Brazil idayamba ndi magaŵo 2 mu 2008 ndi kufika pa 14 mu 2024. Indonesia idafika pa magaŵo 30 mu 2020, 35 mu 2023 ndi 40 mu 2025.

Maiko aŵiri otsirizaŵa akutha kutero chifukwa ali ndi mafuta a mbeu oposa amene anthu ao angadye, Brazil a soya ndipo Indonesia a mawese. Apa ndiye pagona nkhani yaikulu kuposa ya soda ndi methanol. Lita imodzi ya mafuta imatulutsa pafupifupi lita imodzi ya bayodizilo, ndipo mtengo wa mafutawo ndiwo umatenga gaŵo lalikulu la ndalama zonse zopangira. Mgolo umodzi wa malita 200 umafuna malita 200 a mafuta, malita 40 a methanol ndi magalamu 700 a soda. Hekitala ya mawese imapereka matani 3 mpaka 4 a mafuta pachaka, pamene hekitala ya soya imapereka pafupifupi theka la tani. M'dziko limene limaitanitsa kunja mafuta ambiri ophikira, ndipo mabanja amagula mafuta a ndiwo m'timapepala ta tsiku limodzi, kusandutsa mafuta a mtedza kapena a mpendadzuŵa kukhala dizilo nkuotcha chinthu chodula kuti chiloŵe m'malo mwa chotsika mtengo.

Pofuna kuzemba vuto limeneli, maiko ambiri a mu Africa ndi Asia adatembenukira ku msatsimanga, mtengo wa mpanda umene njere zake sizidyedwa. Pakati pa 2005 ndi 2010 udalengezedwa kuti umabereka pa nthaka yoguga popanda feteleza ndi mvula yambiri, ndipo alimi a m'Malaŵi, Zambia, Mozambique ndi Tanzania adaubzala. Chidali chikomekome cha mkuyu. Mtengowo umameradi pa nthaka yoipa, koma kuti ubereke njere zambiri umafuna nthaka yabwino, madzi ndi chisamaliro ngati mbeu ina iliyonse. Zipatso zake sizikhwimira pamodzi, choncho kukolola kumadya nthaŵi. Lita imodzi ya mafuta imafuna makilogalamu 4 kapena 5 a njere, ndiko kuti mgolo uja wa malita 200 ungafune matumba 16 mpaka 20 a makilogalamu 50. Njerezo ndi poizoni kwa ana, ndipo zotsala pofinya sizidyetsedwa ziŵeto. Kampani ya ku Britain yotchedwa Sun Biofuels, imene idatenga malo aakulu ku Kisarawe m'dziko la Tanzania ndi ku Chimoio m'dziko la Mozambique, idagwa mu 2011, ndipo anthu a ku Kisarawe adatsala opanda ntchito malo ao atapita kale. Ku Zimbabwe fakitale yaikulu ya bayodizilo idatsekulidwa ku Mount Hampden pafupi ndi Harare mu 2007, koma siidapeze njere zokwanira kuti igwire ntchito molingana ndi kukula kwake.

Pamene bayodizilo amapindulitsa mosakaikitsa ndi pa mafuta amene ntchito yao ya chakudya yatha. Mafuta okazingira tchipisi, nsomba ndi mandasi m'mahotela, m'sukulu zogonera ndi m'misika akada ndi kusasa sakhalanso abwino m'thupi la munthu, ndipo akatayidwa m'ngalande amatseka mipope. Ku Ulaya ndi ku America mafuta otere amatoleredwa ndi kugulitsidwa ku mafakitale a bayodizilo. Ali ndi madzi ndi asidi wambiri, choncho amafuna kusefedwa, kuumitsidwa ndi kuyezedwa mosamala, koma salanda munda wa munthu aliyense. Ndi ochepa poyerekeza ndi dizilo amene dziko lonse limamwa, komabe angathe kuyendetsa chigayo, jenereta kapena thirakitala ya gulu la alimi.

Gulu limene likuganizira ntchito imeneyi liyenera kuyamba laŵerengera malita a mafuta amene lingapeze mwezi uliwonse chaka chonse ndi mtengo wake, lisanagule chiŵiya ngakhale chimodzi. Liyenera kudziŵa kumene methanol adzachokere, kumene gilisalini ndi madzi otsukira adzapite, ndi malo amene adzapime mafuta ake. Munthu wosakaniza mankhwala akhale wophunzitsidwa ndi akatswiri. M'Malaŵi kupanga ndi kugulitsa mafuta a injini kuli m'manja mwa bungwe la MERA, motsata malamulo a 2004, ndipo chilolezo chimafunika ntchito isanayambe. Mlimi amene wauzidwa kuti azule chimanga kapena mtedza ndi kubzala mbeu ya mafuta a injini ayambe wafunsa kuti wogula ndani, adzagula pa mtengo wanji, kwa zaka zingati, ndipo mau amenewo alembedwe pa pepala.